ZA MAKINA A MASIKU ANO: Thumba Lobwereka Abweze Ndani?

Awerengi, nkhani ya mlungu uno iyambira kutali, mu mzinda wa London ku Britain, koma idzathera pa foni imene iri m'dzanja lanu, ija mumalandirirapo ndalama zocokera kwa ana a ku tauni. Conde musatope ndi ulendowu.

Usiku wa pa 4 November 1992, nthawi itangopitirira 2 koloko, makina a kompyuta amene bungwe la London Ambulance Service linali kutumizira magalimoto onyamula odwala anayamba kulefuka. Anacedwa kuyankha, nacedwa koposa, ndipo potsiriza anangoti zii. Masiku amenewo bungweli linali kulandira mafoni oposa 2,000 pa tsiku, ndipo ambiri a oimbawo anali ndi wodwala wosayenera kudikira. Makina ena amene anaikidwa kuti adzalandire nchito pa tsiku lotere sanailandire, pakuti anali asanayesedwe mokwanira. Anchito anabwerera ku mapepala ndi ku wailesi monga kale.

Zoona, makinawo anali atavuta kale kuyambira pa 26 October caka comweco pa zifukwa zina zambiri, kufikira mkulu wa bungwelo anatula pansi udindo. Koma cimene cinawagwetsa usiku umenewo cinali kanthu kocepa. Ofufuza, m'lipoti lao la mu February 1993, anapeza kuti milungu itatu m'mbuyomo wolemba mapulogramu wina, pokonza zina, anasiya mwangozi timalangizo tina m'makinamo. Nthawi iri yonse pamene ambulansi inatumizidwa, timalangizoto tinali kutenga kacigawo kakang'ono ka memori, osabweza. Tsiku loyamba palibe anaona kanthu. Mlungu woyamba palibe anaona kanthu. Koma pang'ono-pang'ono ndi mtolo, ndipo tsiku linafika pamene makina anafuna malo ogwirirapo nchito nawapeza atatha.

Kodi memori imeneyi nciani? Kompyuta iri yonse, pamodzi ndi foni, iri ndi malo a mitundu iwiri. Malo oyamba ali ngati nkhokwe: m'menemo mukhala zithunzi, nyimbo ndi makalata, ndipo zimakhalabe ngakhale mutazima makina. Malo aciwiri ndi ogwirirapo nchito ya nthawi yomweyo. Ndi ocepa, ndi acangu, ndipo makina akazima zonse za m'menemo zimafufutika. Awa ndiwo tikuwachula memori m'nkhani yino, ndipo pa cikalata ca foni amawalemba RAM.

Taganizani za depoti ya kabungwe ka alimi imene iri ndi matumba owerengeka. Mlimi ali yense wofuna kunyamula cimanga amapita kwa kalaliki, nachula matumba amene afuna, kalaliki nalemba m'buku. Akatha nchito ayenera kubweza kuti mnzake abwerekenso. Mapulogramu a m'kompyuta amacita cimodzi-modzi ndi memori. M'cinenero ca makina cochedwa C, cimene Dennis Ritchie anakonza ku Bell Labs ku America ca m'ma 1972, wolemba pulogramu akafuna malo amalemba mau akuti malloc ndi kuchula kukula kwa malowo. Akatha nao amalemba mau akuti free. Koma kalaliki wa m'cinenero ca C ndi waulemu wopambanitsa. Salondola ngongole, safunsa ngati thumba limene mukubweza ndi lanudi, ndiponso sayang'ana ngati mwathiramo zoposa muyeso wake. Cimene mwanena iye amangolemba.

Thumba likabwerekedwa, wobwereka naiwala kubweza, nataya ngakhale cikumbukiro ca kumene analiika, akatswiri amati memori ikudontha. Ine ndimaona kuti dzinali limasokeretsa pang'ono, pakuti palibe cimatayikira pansi ngati madzi a m'ndowa yobooka. Matumba onse alipo, koma buku la kalaliki likunena kuti ali kwa anthu, ndipo iye sangawapereke kwa wina.

Wina adzati, nanga thumba limodzi liri ndi kanthu? Tiyeni tiwerengere mwacitsanzo cabe. Tinene kuti kompyuta yaikuru yotumikira anthu pa intaneti ikuyankha zopempha 100 pa sekondi, ndipo pa copempha ciri conse ikuiwala kubweza kilobaiti imodzi, ndiwo malo a zilembo pafupi-fupi 1,000. Pa tsiku pali masekondi 86,400. Pofika mawa nthawi yomweyo yataya makilobaiti 8,640,000, ndiko kuti magigabaiti oposa 8, pamene mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi memori ya magigabaiti 2, 3 kapena 4. Pulogramu imene imagwira nchito mphindi imodzi nkutseka ingabise cilema cotere kwa zaka, cifukwa pulogramu ikatsekedwa makina amalanda matumba ake onse mokakamiza. Koma makina a ku cipatala, a ku banki ndi a kampani ya mafoni amakhala oyaka miyezi yathunthu osazima, ndipo kumeneko ndiko ngongole imakula kufikira kugwetsa nyumba.

Vuto limakula koposa likakhala m'cimene akatswiri amacicha laibulale. Iyi si nyumba ya mabuku ai. Ndi mtolo wa malangizo olembedwa kale amene mapulogramu ambiri amagwiritsa nchito pamodzi, kuti wolemba ali yense asayambe yekha kukonza njira yowerengera cithunzi, yotumizira uthenga kapena yobisira cinsinsi. Iri ngati cigayo ca pamudzi. Si banja liri lonse limagula cake, koma cigayo cikayamba kuthira mcenga mu ufa, mudzi wonse umatafuna mcenga, ngakhale mai amene anapeta cimanga cake bwino-bwino.

Ndipo pa laibulale ndi pamene funso la pamutu wa nkhani yino limavuta kweni-kweni, cifukwa thumba limadutsa m'manja mwa anthu awiri osadziwana: wolemba laibulale ndi wolemba pulogramu. M'laibulale ya C muli kanchito kochedwa strdup. Mukakapatsa mau, iko kamabwereka thumba latsopano, nkukopera mauwo m'menemo, nkukupatsani. Kuyambira pamenepo thumbalo ndi ngongole yanu, ngakhale kuti simunapite ndinu kwa kalaliki. Mukaiwala, memori yadontha. M'laibulale yomweyo mulinso kanchito kena kochedwa getenv. Nakonso kamakupatsani mau, koma thumba lake si lanu, mwangololedwa kusuzumiramo. Mukalibweza kwa kalaliki mwaononga zinthu. Poyang'ana ndi maso, zimene tinchito tiwiriti timakupatsani nzofanana ndendende: nambala ya malo pamene pali mauwo. Kusiyana kwake kunalembedwa m'buku la malangizo lokha, ndipo munthu wolemba pulogramu pakati pa usiku, bwana akumfulumiza, si nthawi zonse amatsegula buku.

Malo ena pamene matumba amasowera kawiri-kawiri ndi pa njira yothawira. Nchito ina imafuna matumba atatu. Pulogramu yabwereka loyamba ndi laciwiri, koma pofuna lacitatu cina calephereka, mwina netiweki yaduka. Wolemba analamula kuti zikatero pulogramu ibwerere msanga kukanena kuti zakanika, koma anaiwala awiri aja ali kale m'manja. Poyesa makina mu ofesi netiweki siiduka, motero cilemaco sicioneka. Cimaoneka makina atafika kwa anthu. Ncifukwa cake olemba Linux, imene ndiyo maziko a mafoni a Android, ali ndi mwambo wakuti nchito yotere ikhale ndi khomo limodzi loturukira kumapeto kwake, ndipo ali yense woturuka, kaya zayenda kaya zakanika, adzere pamenepo ndi kubweza zonse, kuyambira cimene anabwereka potsiriza.

Kuiwala kubweza kumalefula makina, koma pali zolakwa zina za pa depoti yomweyo zimene zimatsegulira mbala. Munthu angabweze thumba koma napitiriza kuthiramo zinthu, pamene kalaliki walipereka kale kwa wina. Angabweze thumba limodzi kawiri, buku nkusokonezeka, kalaliki nkupereka thumba lomwelo kwa anthu awiri. Ndiponso angathire kapena kutapa mopyola malire a thumba lake, nalowa m'thumba loyandikana nalo. Pano mudziwenso kuti kalaliki sakutumula matumba obwezedwa. Zimene mwini woyamba anasiyamo zimakhala momwemo kufikira wina atathirapo zake.

Zimenezi zinaonekera poyera pa 7 April 2014, pamene dziko linauzidwa za cilema cimene anacipatsa dzina lakuti Heartbleed, m'laibulale yochedwa OpenSSL. Nchito ya laibulale imeneyi ndiyo kubisa zimene anthu amatumizirana pa intaneti, monga mau acinsinsi olowera ndi manambala a ku banki, kuti wa m'njira asawerenge. M'menemo munali kacitidwe kofunsirana moyo. Kompyuta yanu imatumiza mau, tinene akuti nsima, nkunena kuti, ndatumiza zilembo 5, undibwezere kuti ndidziwe kuti ukali maso. Inzake imakopera zilembo 5 nkubweza. Wolemba gawo limeneli anaiwala cinthu cimodzi: kuona ngati ciwerengero cochulidwa cikugwirizana ndi mau otumizidwa. Motero mbala inali kutumiza mau akuti nsima nkunena kuti ndi zilembo 64,000. Kompyuta yokhulupirika ija inali kubweza zilembo 5 za nsima, nkupitiriza kutapa m'matumba oyandikana kufikira ciwerengero citakwana, nkupereka zonse kwa wofunsa. M'zotapidwazo munali kupezeka mau acinsinsi a anthu ena amene analowa posacedwa, ndipo nthawi zina ngakhale kiyi yeni-yeni ya kompyutayo. Mbala inali ndi ufulu wofunsa mobwereza-bwereza, osasiya mapazi m'mabuku a makina.

Cilemaco cinalowa m'laibulale pa 31 December 2011, cinafika kwa anthu mu March 2012, ndipo cinakhala zaka ziwiri cisanapezedwe ndi Neel Mehta wa ku Google pamodzi ndi akatswiri a kampani ya Codenomicon ya ku Finland, amene anacipeza paokha. Makompyuta otumikira anthu pafupi-fupi 500,000 anali pangozi. Ku Canada bungwe lokhometsa misonkho linatseka njira yake ya pa intaneti, koma manambala a nzika okwana 900 anali atabedwa kale, ndipo tsiku lomaliza kupereka mapepala a msonkho linasunthidwa kucoka pa 30 April kufika pa 5 May.

Akatswiri a gulu la OpenBSD atafufuza anapeza cinthu cina cimene ine cimandipatsa maganizo koposa. Pofuna cangu, OpenSSL inali ndi cizolowezi cosabweza matumba ena kwa kalaliki wamkuru. Inali kuwaunjika pa mulu wake-wake ndi kuwabwerekanso yokha. Tsono makina ena anali ndi kalaliki wocenjera, wokhoza kuchera misampha m'mbali mwa matumba kuti wopyola malire agwidwe pomwepo. Mulu wapadera uja unali kulambalala misampha imeneyo, ndiponso unali kusunga matumba osakutumula pafupi ndi dzanja la mbala. Cangu cinagulidwa ndi citetezo. Gulu limeneli linayamba laibulale yake yochedwa LibreSSL mwezi womwewo, nicotsa mulu wapaderawo.

Kunaululikanso kuti cigayo cimene makampani olemera a dziko lonse anali kugayitsako cinali kusamalidwa ndi anthu owerengeka, wolembedwa nchito ya tsiku lonse ali mmodzi, ndipo zopereka zaufulu zinali pafupi-fupi madola 2,000 pa caka. Manyazi atawagwira, makampani monga Google, Microsoft, Amazon ndi Facebook anasonkha ndalama kupyolera mu Linux Foundation kuti nchito zotere zithandizidwe.

Caka cotsatira vuto linafika m'matumba a malaya a anthu wamba. Mu July 2015 Joshua Drake wa kampani ya Zimperium anaulula zilema za memori m'laibulale ya Android yochedwa Stagefright, imene inali kuwerenga mavidiyo. Uthenga wa vidiyo wokonzedwa mwacinyengo unali wokhoza kutsegulira mbala khomo, pa mafoni ena ngakhale mwini asanaukhudze. Mafoni pafupi-fupi 950 miliyoni anali ndi laibulale imeneyo. Kucokera pamenepo Google inayamba kuturutsa zokonza za citetezo mwezi uli wonse.

Nkwapafupi kunena kuti olemba mapulogramu amenewa anali aulesi kapena osaphunzira. Ine sindivomereza. Mu 2019 kampani ya Microsoft inanena kuti pa zilema 100 ziri zonse za citetezo zimene inali kukonza caka ndi caka, pafupi-fupi 70 zinali za kasamalidwe ka memori. Mu 2020 okonza Chrome ku Google anapeza ciwerengero cofanana pa zilema zao zoopsa. Awa ndi makampani olemba nchito akatswiri osankhidwa ndi kuwalipira bwino. Ngati iwo amaphonya cotere, ndiye kuti colakwika ciri pa mwambo wa depoti, umene umadalira kuti munthu asadzaiwale ngakhale kamodzi pa mizere mamiliyoni ya malangizo. Wa ku London uja sanali mfiti, ndipo wa OpenSSL sanali mbala. Anaiwala monga inu ndi ine timaiwalira khasu ku dimba.

Njira zothandiza zinayamba kufunidwa kale. Mu 1959 John McCarthy, pokonza cinenero ca Lisp, anaika m'makina wanchito woyendera: nthawi ndi nthawi iye amazungulira, naona matumba amene palibenso akuwagwira, nawabweza yekha. Zinenero monga Java, imene inaturuka mu 1995, zimatsata njira imeneyi, ndipo yacotsa zolakwa zambiri. Koma walira mvula walira matope. Woyenderayo amadya nthawi ndi memori, ndipo nthawi zina amaimitsa nchito kwa kamphindi kuti awerenge bwino, cinthu cimene olemba malaibulale a pansi peni-peni pa makina sacifuna. Ndiponso iye sangalande thumba limene pulogramu ikali kuligwira ndi cingwe ngakhale kuti siidzalifunanso, motero kudontha kumacitikabe.

Ena anakonza zida zofufuzira. Valgrind, imene Julian Seward anaturutsa mu 2002, imayendetsa pulogramu pang'ono-pang'ono ikulemba thumba liri lonse lobwerekedwa, ndipo pamapeto imaonetsa amene sanabwezedwe ndi mzere umene unawabwereka. AddressSanitizer ya ku Google imachera misampha m'mbali mwa matumba. Zida zimenezi nzabwino, koma zimagwira cilema pokha-pokha ngati woyesa wadutsitsa pulogramu pa njira imene pali cilemaco, ndipo taona kale kuti njira yothawira siidutsidwa kawiri-kawiri.

Njira imene yachuka zaka zino ndi ya cinenero ca Rust, cimene Graydon Hoare anayamba, kampani ya Mozilla nicilera, ndipo cinakhazikika mu May 2015. Okonza ake anatenga funso lathu lija naliika kukhala lamulo la cinenero. Thumba liri lonse liri ndi mwini mmodzi. Mwini akamaliza nchito yake, thumba limabwerera lokha. Mwini angalipereke kwa wina, ndipo akatero iye salinso ndi mphamvu yolikhudza. Angalibwereketsenso, ndipo mau amene iwo amagwiritsa nchito ndi omwewa a kubwereka: ambiri angasuzumiremo pamodzi, koma wothiramo akhale mmodzi pa nthawi, ndipo palibe wobwereka angalisunge kupitirira nthawi ya mwini wake. Copambana ncakuti malamulowa amayesedwa pulogramu isanayambe kugwira nchito. Wolemba akaphwanya limodzi, makina omasulira malangizo amakana kumanga pulogramuyo. Cimene kwa strdup ndi getenv cinabisika m'buku, kuno cimalembedwa pa khomo la kanchito komweko, ndipo sicilumphika.

Tisanamizane, Rust si mankhwala a nthenda zonse. Okonza ake amanena poyera kuti salonjeza kuthetsa kudontha konse. Zinthu ziwiri zingagwirane, cina cikudikira cinzake kuti ciyambe kuleka, motero zonse nkukhala zosabwezedwa. Lonjezo lao liri pa zolakwa zotsegulira mbala zija: kugwira thumba lobwezedwa, kubweza kawiri ndi kupyola malire. Ndiponso pali zigawo zina zimene wolemba amaloledwa kumasula malamulo, koma ayenera kulemba cizindikiro pamenepo kuti oyendera adziwe poyang'anitsitsa. Anthu ozolowera C amadandaula kuti cinenero cimeneci ncovuta kuphunzira, ndipo sakunama.

Nanga malaibulale akale, mizere mamiliyoni yolembedwa m'C kwa zaka 50, atayidwe? Palibe angathe. Okonza Android anasankha kuti zakale zizikonzedwa pamene zapezeka ndi cilema, koma zatsopano zizilembedwa m'zinenero zosamala memori, cifukwa anaona kuti zilema zambiri zimakhala m'malangizo olembedwa posacedwa. Mwa ciwerengero cao, zilema za memori zinali 76 pa 100 ziri zonse mu 2019, ndipo zinatsika kufika pa 24 mu 2024. Linux nayo inatsegulira Rust khomo mu December 2022.

Tsopano tafika pa foni yanu. Ikayamba kulemera, kucedwa kutsegula ndi kutseka mapulogramu yokha, kuizima ndi kuiyatsanso kumathandiza kawiri-kawiri, ndipo tsopano mwadziwa cifukwa: matumba onse abwerera kwa kalaliki, buku layamba patsamba loyera. Koma cilema cikadali momwemo ndipo cidzayambanso kuunjika. Kufufuta zithunzi kapena kugula memori khadi kumakuza nkhokwe, sikuonjezera matumba ogwirira nchito. Cimene cimacotsa cilema ceni-ceni ndi zokonza zija foni imakupemphani kuti mulandire, zimene ambiri timazikana poopa kutha kwa bandulo. Pa foni imene mumasungapo ndalama za feteleza, ine ndikuti landirani, ngakhale mutadikira tsiku lopita ku boma kumene netiweki iri yamphamvu.

Ndipo pogula foni yogwirapo kale nchito, musaone galasi ndi batire zokha. Pa mafoni a Android, m'gawo la Settings, kawiri-kawiri pamene pafotokozedwa za foniyo, pamalembedwa tsiku la zokonza za citetezo zimene inalandira potsiriza. Pemphani wogulitsa akutsegulireni pamenepo. Ngati tsikulo ndi la zaka zitatu kapena zinai zapitazo, zilema zimene zapezeka m'malaibulale ake kucokera nthawi imeneyo zikali zosatseka, ndipo mtengo wake uyenera kukambidwanso.